Mania yosakanikirana ndi kukhumudwa

Mania yosakanikirana ndi kukhumudwa ndi mkhalidwe umene umaoneka mwa anthu odwala matenda a maganizo otchedwa bipolar. Munthu amakhala ndi mphamvu zopitirira muyeso, sagona, amalankhula mosalekeza ndipo maganizo ake amathamanga, koma pa nthawi yomweyo mtima wake uli wosweka, akudziona wopanda pake, mwinanso akuganiza za imfa. M'mabuku a zachipatala a Chingerezi mkhalidwewu umatchedwa mixed features, mixed state kapena dysphoric mania. Madokotala amauika m'gulu la mikhalidwe yoopsa kwambiri ya matendawa, chifukwa munthu wotaya mtimayo amakhala alinso ndi mphamvu zochitira zimene akuganiza. Kupezeka kwa zizindikiro za kukhumudwa kumasinthanso mankhwala amene wodwalayo ayenera kulandira.

Matenda a bipolar

Matenda a bipolar amabwera m'nyengo. Pa nyengo ya mania munthu amasangalala kapena kupsa mtima modabwitsa, amagona maola awiri kapena atatu okha koma osamva kutopa, amayamba ntchito zambiri nthawi imodzi, amamwaza ndalama, ndipo nthawi zina amakhulupirira kuti ndi munthu wamkulu kapena kuti watumidwa ntchito yapadera. Kuti itchedwe mania, nyengoyi iyenera kutha sabata imodzi kapena kuposerapo, kapena ikhale yaikulu moti munthuyo agonekedwe m'chipatala. Ikakhala yocheperako mphamvu koma yatha masiku osachepera 4, imatchedwa hypomania. Pa nyengo ya kukhumudwa, yomwe imatha masabata awiri kapena kuposerapo, munthu amafooka, sasangalala ndi chilichonse ndipo amadziimba mlandu. Pakati pa nyengozi anthu ambiri amakhala bwinobwino, kugwira ntchito ndi kulera ana awo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali wachinyamata.

Dzina lakuti bipolar limatanthauza mbali ziwiri, choncho anthu ambiri amaganiza kuti nyengo ziwirizi zili ngati chilimwe ndi dzinja, zomwe sizingabwere tsiku limodzi. Kwa odwala ambiri sizikhala choncho. Mu 1992 dokotala Susan McElroy ndi anzake a ku Cincinnati ku America anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo ndipo anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse odwala mania amakhalanso ndi zizindikiro zazikulu za kukhumudwa.

Zizindikiro

Buku la DSM-5, lomwe bungwe la madokotala a maganizo la ku America linatulutsa mu 2013, limati munthu amene ali pa mania kapena hypomania ali ndi mkhalidwe wosakanikirana ngati masiku ambiri a nyengoyo akuonetsa zizindikiro zosachepera 3 mwa 6 za kukhumudwa. Zizindikirozo ndi chisoni chachikulu kapena kuwawidwa mtima, kusasangalala ndi zinthu zimene ankazikonda, kuchedwa kwa thupi pochita zinthu moti ena n'kumaona, kutopa kapena kutha mphamvu, kudziona wachabechabe kapena kudziimba mlandu mopitirira, ndiponso kuganiza kawirikawiri za imfa kapena zodzipha.

Pakhomo, zimenezi sizioneka mwadongosolo ngati mmene zalembedwera m'buku. Mayi wogulitsa pamsika akhoza kudzuka 2 koloko usiku n'kuyamba kukolopa ndi kuchapa, akulankhula za bizinezi zazikulu zimene ayambitse, kenaka pasanathe ola limodzi n'kuyamba kulira kuti waononga banja lake ndipo ana ake angakhale bwino iye atachoka. Mnyamata wa ku koleji akhoza kuyenda mtunda wautali usiku wonse, osati chifukwa cha chisangalalo, koma chifukwa chakuti akakhala pansi amamva ngati m'kati mwake mukuyaka moto. Maganizo amathamanga ngati mmene amachitira pa mania wamba, koma zimene akuthamanga nazo ndi zoopsa zokhazokha: ngongole, machimo akale, matenda, imfa. Odwala ena amanena kuti thupi latopa koma mutu ukukana kupuma.

Chisangalalo chimene anthu amachidziwa pa mania nthawi zambiri sichikhalapo, kapena chimangobwera mwa apo ndi apo. M'malo mwake mumabwera mkwiyo, nkhawa ndi kukayikira ena. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene achibale saonera kukhumudwako. Munthu waphokoso, wotukwana ndi wosagona amatopetsa nyumba yonse, ndipo mawu ake akuti kuli bwino angofa amamveka ngati mbali ina ya phokosolo. Ngakhale kuchipatala, wodwala wotere amafika atagwiridwa ndi amuna angapo, ndipo ntchito yoyamba imakhala yomukhazika mtima pansi. Funso lakuti mumtima mwake muli chiyani limatha kuiwalika. Zida zoyezera nazonso zimayang'ana mbali imodzi: mafunso 11 a Young Mania Rating Scale, omwe anasindikizidwa mu 1978, amayeza mania osati kukhumudwa, pamene mafunso 9 a PHQ-9, omwe anamasuliridwa m'Chichewa ndi kuyesedwa m'zipatala za ku Malawi, amayeza kukhumudwa osafunsa za mania.

Pali njira ziwiri zimene kusakanikiranaku kumachitikira. Mwa ena zizindikiro za mbali zonse ziwiri zimakhalapo nthawi imodzi. Mwa ena zimasinthana mofulumira, m'mawa zina madzulo zina. Zimenezi n'zosiyana ndi zimene madokotala amatcha rapid cycling, kumene kuli kudwala nyengo 4 kapena kuposerapo, iliyonse payokha, m'miyezi 12.

Mbiri ya kamvedwe kake

Mu 1854 madokotala awiri a ku Paris, Jean-Pierre Falret ndi Jules Baillarger, aliyense payekha, analemba kuti mania ndi kukhumudwa ndi mbali za nthenda imodzi. Amene anafotokoza mwatsatanetsatane za kusakanikirana kwa mbali ziwirizi anali a ku Germany: Emil Kraepelin ndi wophunzira wake Wilhelm Weygandt, yemwe anatulutsa buku pa nkhaniyi mu 1899.

Maganizo awo anali osavuta kumva, ndipo mpaka lero amathandiza ophunzira. Iwo anati matendawa amakhudza zinthu zitatu: mmene mtima ukumvera, liwiro la maganizo, ndi mphamvu yochitira zinthu. Chilichonse mwa zitatuzi chikhoza kukwera kapena kutsika. Zonse zikakwera, imeneyo ndi mania yeniyeni. Zonse zikatsika, kumeneko ndi kukhumudwa kwenikweni. Koma zitatuzi siziyenda limodzi nthawi zonse, ndipo zina zikakwera zina zitatsika pamatuluka mitundu 6 yosakanikirana. Mtundu umene mtima watsika koma maganizo ndi thupi zikuthamanga, Kraepelin anautcha mania yokhumudwa kapena yankhawa, ndipo ndi umene ukufotokozedwa m'nkhani ino. Anafotokozanso wodwala amene mtima wake ndi wokondwa koma wangoti duu osalankhula ndi osasuntha. Anaonanso kuti mikhalidwe yotereyi imakonda kubwera pamene munthu akuchoka pa nyengo ina kulowa ina.

Patapita zaka zambiri, malamulo opezera matendawa anakhwima kwambiri. Buku la DSM-IV la mu 1994 linkafuna kuti munthu akwaniritse zizindikiro zonse za mania ndi zonse za kukhumudwa kwakukulu, pafupifupi tsiku lililonse kwa sabata yathunthu. Ndi odwala ochepa amene ankafika pamenepo, moti ambiri ankangolembedwa kuti ali ndi mania basi. DSM-5 inachotsa lamulo limeneli n'kuika la zizindikiro 3. Buku la WHO la ICD-11, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022, linasungabe nyengo yosakanikirana ngati nyengo yapayokha, ndipo limati iyenera kutha masabata osachepera awiri pokhapokha ngati mankhwala aifupikitsa.

Mkangano sunathe. DSM-5 siwerengera kupsa mtima msanga, kusakhazikika kwa thupi ndi kubalalika kwa maganizo ngati umboni wa kusakanikirana, ati chifukwa zimapezeka mbali zonse ziwiri. Dokotala Athanasios Koukopoulos, yemwe ankagwira ntchito ku Rome, anatsutsa zimenezi, makamaka ponena za anthu okhumudwa amene ali ndi zizindikiro za mania, chifukwa zizindikiro zimene zinachotsedwazo ndi zomwe zimaoneka kwambiri mwa odwala otere. Mfundo yake ili ndi nzeru: lamulo limene lasiya kunja zimene wodwala akuvutika nazo kwambiri limathandiza wochita kafukufuku kuposa namwino amene ali m'wodi.

Kuopsa kwake

Anthu odwala bipolar ali pa chiopsezo chachikulu chodzipha kuyerekeza ndi anthu ena, ndipo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti chiopsezocho chimakwera pa nyengo yosakanikirana. Munthu wokhumudwa kwambiri nthawi zambiri amasowa ngakhale mphamvu yodzukira pamphasa, ndipo kufookako kumamutchinjirizako. Munthu wa mania yeniyeni amadziona kuti zonse zimuyendera. Wosakanikirana alibe chitetezo chilichonse mwa ziwirizi: chiyembekezo chatha, mphamvu zilipo, tulo palibe, ndipo amachita zinthu asanaganize. Usiku, pamene ena onse agona, ndi nthawi imene amakhala yekha ndi maganizo akewo.

Poyerekeza ndi mania wamba, mkhalidwewu umapezeka kwambiri mwa akazi, mwa anthu amene matenda anawayamba ali aang'ono, ndi mwa amene amamwa mowa kwambiri kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Nyengo zake zimakonda kutalika ndi kubwereza, ndipo amene anadwalapo motere kamodzi akhoza kudzadwalanso chimodzimodzi.

Kufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Akavomera, sayenera kusiyidwa yekha, ndipo mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapilisi ambiri achotsedwe m'nyumba kufikira ataonana ndi achipatala tsiku lomwelo.

Zoyambitsa ndi zofanana nazo

Matenda a bipolar amayenda kwambiri m'magazi a banja, ngakhale palibe jini imodzi imene imawabweretsa. Zimene zimadzutsa nyengo yatsopano ndi monga kusagona kwa masiku angapo, kusiya mankhwala mwadzidzidzi, mowa, chamba, mavuto aakulu monga maliro kapena kutha kwa ntchito, ndi masabata oyambirira mayi atangobereka. Mankhwala a kukhumudwa monga amitriptyline ndi fluoxetine, akaperekedwa okha kwa munthu wa bipolar, akhoza kudzutsa mania kapena kusandutsa kukhumudwa wamba kukhala kosakanikirana. N'chifukwa chake malangizo a WHO a mhGAP amauza wachipatala kuti asanapereke mankhwalawa afunse kaye ngati wodwalayo anadwalapo mania.

Matenda ena a thupi amaoneka mofanana. Ku Malawi wachipatala amayenera kuganizira malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, HIV ikafika mu ubongo, chindoko chokhalitsa, khunyu, vuto la chithokomiro, ndi mankhwala monga prednisolone ndi efavirenz. Munthu amene thupi latentha, sakudziwa kumene ali kapena tsiku lake, kapena wayamba kudwala motere koyamba ali wachikulire, ayenera kuyezedwa thupi mokwanira asanaganiziridwe za bipolar.

Chithandizo

Chithandizo chimayamba ndi chitetezo cha wodwala ndi kubwezeretsa tulo, ndipo kawirikawiri pamafunika kugonekedwa m'chipatala. Ngati wodwalayo amamwa mankhwala a kukhumudwa, madokotala nthawi zambiri amawaimitsa, ngakhale kuti munthuyo akulira ndi kudandaula. Achibale amadabwa nazo zimenezi, koma mankhwalawo amaonjezera kusakhazikika. Amitriptyline ali ndi vuto linanso lakuti munthu akamwa wambiri amaononga mtima.

Lithium, amene dokotala John Cade wa ku Melbourne anasonyeza mu 1949 kuti amathetsa mania, ndiye mankhwala odziwika kwambiri a bipolar. Koma mu 1997 Alan Swann ndi anzake anapeza kuti odwala mania amene anali ndi zizindikiro za kukhumudwa sankachira bwino ndi lithium poyerekeza ndi valproate. Kuyambira pamenepo valproate, carbamazepine ndi mankhwala atsopano monga olanzapine, risperidone, quetiapine ndi aripiprazole akhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri pa mkhalidwewu. Lithium sanatayidwe, chifukwa kafukufuku wambiri wasonyeza kuti amachepetsa kudzipha kwa amene amamwa nthawi yaitali. Vuto lake ndi lakuti amafuna kuyeza magazi, impso ndi chithokomiro pafupipafupi, ndipo amachuluka moopsa m'magazi munthu akatsegula m'mimba, akamamwa diclofenac kapena ibuprofen, kapena akamamwa hydrochlorothiazide wa kuthamanga kwa magazi. Kumene kulibe labotale yodalirika, madokotala amazengereza kumupereka.

Mankhwala awiri amene amapezeka mosavuta m'zipatala za ku Malawi, chifukwa amagwiranso ntchito pa khunyu, ali ndi zofunika kusamala. Valproate amavulaza mwana wosabadwa: pafupifupi ana 10 mwa 100 alionse amene mayi awo ankamwa ali oyembekezera amabadwa ndi chilema, ndipo 30 mpaka 40 mwa 100 amachedwa kukula m'nzeru. Mu 2018 mayiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo operekera mankhwalawa kwa atsikana ndi amayi amene angathe kutenga mimba. Popeza mania yosakanikirana imagwira kwambiri akazi, mankhwala amene amaigonjetsa bwino ndi omwenso ambiri mwa odwalawo sayenera kumwa popanda kukambirana za kulera. Carbamazepine naye amafooketsa mapilisi olera ndi njira ya kulera yoika pamkono, komanso amachepetsa dolutegravir m'magazi. Dolutegravir ali m'ma ARV amene anthu ambiri ku Malawi akhala akumwa kuyambira mu 2019, choncho wachipatala cha maganizo ndi wa kuchipatala cha ma ARV ayenera kudziwitsana zimene aliyense wapereka.

Haloperidol ndi chlorpromazine, omwe ndi akale ndi otsika mtengo, amakhazika pansi munthu wa mania mofulumira koma sachotsa kukhumudwa. Haloperidol amathanso kubweretsa kusakhazikika kwa miyendo kumene kumamulepheretsa munthu kukhala pansi, ndipo wosadziwa akhoza kuganiza kuti matenda akula n'kuonjezera mlingo. Diazepam amathandiza pa tulo kwa masiku ochepa okha. Mankhwala akalephera, kapena moyo ukakhala pachiswe, chithandizo chodutsitsa magetsi ochepa mu ubongo munthu atagonetsedwa tulo, chotchedwa ECT, chimagwira ntchito pa mbali zonse ziwiri za matendawa.

Phokoso likatha si ndiye kuti munthu wachira. Mania imatha msanga kuposa kukhumudwa, ndipo masabata oyambirira munthu atatuluka m'chipatala, pamene akukumbukira zimene analankhula ndi ngongole zimene anatenga, ndi nthawi inanso yoopsa. Kumwa mankhwala mosadumphitsa, kugona ndi kudzuka pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kusiya mowa ndi chamba, ndi uphungu wa banja lonse zimachepetsa kubwereranso kwa matendawa.

Ku Mzuzu ndi chigawo cha kumpoto

Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi Zomba Mental Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 1953, ndipo chili pa mtunda wa makilomita mazana angapo kuchokera ku Mzuzu. Kwa zaka zambiri wodwala wa kumpoto wofunika kugonekedwa ankayenda ulendo umenewo, kutali ndi abale ake. Zinthu zinasintha abale a chipani cha Katolika cha St John of God ochokera ku Ireland atafika ku Mzuzu mu 1993. Bungwe lawo lili ndi malo ogonekapo odwala otchedwa House of Hospitality, limaona odwala oyendera, limapita ku zipatala zazing'ono za m'madera ozungulira, ndiponso lili ndi koleji yophunzitsa anamwino, makiliniko ofesala ndi aphungu a zamaganizo. Anthu a ku Katawa, Chibavi, Zolozolo, Chiputula ndi Mchengautuwa ali ndi mwayi umene a ku Chitipa kapena ku Likoma alibe, chifukwa thandizoli lili mumzinda mwawo momwemo. Ena amayambira ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, kumene amayezedwa matenda a thupi asanatumizidwe.

Ngakhale chipatala chili pafupi, ulendo wopitako umatha kukhala wautali. M'Chichewa mawu akuti misala, ndi m'Chitumbuka mawu akuti vifusi, amanena za munthu wosokonezeka moonekera, pamene kukhumudwa anthu amakutchula kuti kuganiza kwambiri kapena kuwawa kwa mtima, ndipo ambiri sakuwerengera ngati matenda. Palibe mawu amodzi ogwira zonse ziwiri. Munthu wosagona, wolalikira usiku, wolira chifukwa cha machimo ake, amayamba watengeredwa ku mapemphero. Wina amapita naye kwa sing'anga, kumene zikhoza kuonedwa ngati ufiti kapena mizimu ya vimbuza. Vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2008, ali ndi malo ake pakati pa anthu, monganso mapemphero, ndipo mabanja ambiri amayenda njira zimenezi limodzi ndi ya kuchipatala. Chovuta ndi chakuti kuchezera usiku wonse kumaonjezera kusagona kumene kumakuza mania, ndipo masiku amene akupitawo ndi omwe chiopsezo chodzipha chili pamwamba.

Wodwala akafika kuchipatala, mbiri yambiri imachokera kwa wachibale amene wabwera naye, ndipo wachibaleyo mwachibadwa amafotokoza zimene zasautsa pakhomo: kuswa katundu, kutukwana, kuyendayenda, kugulitsa zinthu za m'nyumba. Zimene wachipatala amafunikanso kumva ndi zakachetechete: ngati wodwalayo amalira, ngati wanenapo kuti ndi mtolo kwa ena, ngati wayamba kutsanzika kapena kugawa zovala zake, ngati pabanjapo wina anadziphapo. Kabuku ka kuchipatala kabwere nawo, chifukwa m'menemo ndi mmene mumaoneka ngati munthuyo anapatsidwa amitriptyline masabata apitawo atadandaula za kusowa tulo, ngati ali pa ma ARV, kapena ngati mayiyo ali pa njira ya kulera. Wodwala wolankhula Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde amafotokoza bwino za mumtima mwake akafunsidwa m'chilankhulo chake, ndiponso akapatsidwa mpata wolankhula achibale atatuluka kaye m'chipindamo.